Ndodo ya magiya ikamagwedera, musathamangire kugula giyabokosi

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Makwasa m'boma la Thyolo. Iwo akuti: "Ndili ndi pikapu yakale ya Toyota Hilux ya dizilo yomwe ndimanyamulira nthochi ndi chinangwa kupita nazo ku Limbe. Ndodo ya magiya yayamba kugwedera kwambiri, moti ngakhale galimoto ili m'giya, ndodoyo imapita uku ndi uku ngati ili pa nyutulo. Giya 1 ndi livesi ndimachita kufufuza, ndipo nthawi zina ndikafuna 1 imalowa 3. Makaniko wina wandiuza kuti giyabokosi yatha, ndigule ina. Kodi ndi zoona? Galimotoyi sikukuta polowetsa giya, ndipo giya ikalowa situluka yokha."

Bambo, ndalamazo zisungeni kaye m'thumba. Mawu omwe mwamalizira nawo funso lanu, akuti galimoto sikukuta ndiponso giya ikalowa situluka yokha, ndi amene akundilimbitsa mtima kunena chonchi. Giyabokosi yomwe yathadi m'kati siibisa. Imalira poyenda, imakukuta polowetsa giya, kapena imalavula giya mukangochotsa phazi pamoto. Yanuyo palibe chomwe ikuchita mwa zimenezi. Chomwe chatha chili pakati pa dzanja lanu ndi giyabokosiyo, ndipo pa Hilux yakale nthawi zambiri timakhala tizipangizo tiwiri tokha, toti tonse mukhoza kutifumbata m'dzanja limodzi.

Inu ndinu mlimi, mukudziwa momwe khasu limachitira likakhwepa pampini. Chitsulo chimakhala chili bwino, mkono wanu uli bwino, koma bowo la mpini lakula, ndiye mukatema apa khasu limakagwera apo. Ndodo ya magiya imatero ndithu. Pa Hilux, Nissan Hardbody, Isuzu KB ndi mapikapu ena okankha ndi matayala akumbuyo, giyabokosi ili pansi penipeni pa dzanja lanu lamanzere, ndipo ndodo imangolowa pamwamba pake mwachindunji. Chakumunsi kwa ndodoyo kuli chibulunga chachitsulo chomwe chimakhazikika pa kampando kozungulira, kopangidwa ndi labala wolimba kapena pulasitiki. Apo ndi pomwe ndodo imatembenukira. Kunsonga kwenikweni, kunsi kwa chibulungacho, kuli kabushi kapulasitiki kovala ngati chipewa, komwe kamalowa m'kamphako ka chitsulo chosankha magiya. Tiwiri timeneti tikadyeka, nsonga ya ndodo imayamba yayenda pachabe isanakhudze chitsulo chomwe ikufuna kukankha.

Chomwe chimaopseza anthu n'chakuti kugwederako kumaoneka kwakukulu kuposa vuto lenileni. Kuchokera pachibulunga kufika pomwe mumagwira ndi patali kangapo kuyerekeza ndi kuchokera pachibulunga kufika kunsonga. Pansi pakangodyeka mamilimita 2, kumwamba dzanja limamva masentimita. Munthu amaona ndodo ikuzungulira mtunda wonsewo n'kuganiza kuti m'kati zonse zasweka, chonsecho magiya ali gwa.

Musanamasule kalikonse, yesani izi mmawa galimoto ili pabwalo. Iimikeni pamalo osatsetsereka, kokani handibuleki, injini ikhale yozima. Pondani kilatchi, lowetsani giya 3, kenako gwirani ndodo ndi zala ziwiri n'kuigwedezera kumanja ndi kumanzere. Ndodo yabwino imasuntha pang'ono chabe, mwina m'lifupi mwa chala chimodzi, n'kuima. Ikamasuntha m'lifupi mwa chikhatho, mabushi atha. Ikokereni m'mwamba n'kuikankhiranso pansi. Ikamakwera ndi kutsika, kapena mukamva chitsulo chikugunda chinzake, kampando kaja kaphwanyika. Kenako ipotozeni ngati mukutsegula mpopi. Siyenera kuzungulira. Pomaliza ibwezereni pa nyutulo, ikankhireni kumanzere mpaka kumapeto n'kuisiya, muchitenso chimodzimodzi kumanja. Iyenera kubwerera yokha pakati, pamzere wa giya 3 ndi 4. Ikangokhala pomwe mwaisiya, ndiye kuti sipuling'i yomwe imaibweza pakati yafooka kapena yathyoka, kapenanso nsonga yakhwepa kwambiri moti sipuling'iyo ikukankha koma ndodo sikumva.

Pali kuyesa kwina komwe sindifuna kuti mudumphe, chifukwa mwatchula giya 1 ndi livesi, ndipo awiriwa ndi omwe amayamba kuvuta kilatchi ikamalephera kulekanitsa bwino injini ndi giyabokosi. Injini ili chizimire, lowetsani magiya onse limodzilimodzi. Kenako lizani injini, pondani kilatchi mpaka pansi, dikirani pang'ono, mubwerezenso. Ngati kufufuzako kuli chimodzimodzi injini yozima ndi yolira, vuto ndi la ndodo. Koma ngati injini yozima magiya akulowa bwino, ndipo ikalira 1 akukana ndi livesi ikukukuta, yang'anani kilatchi. Tsegulani boneti muone kabotolo kamafuta a kilatchi, komwe kali pafupi ndi ka mabuleki. Mafuta ake ndi omwewo a mabuleki, DOT 3 kapena DOT 4 malinga ndi zomwe zalembedwa pachivindikiro. Akakhala ochepa ndiye kuti akudontha penapake, kawirikawiri pa kasilinda kakang'ono komwe kali m'mbali mwa giyabokosi, kapena m'kati mwa galimoto pamwamba pa pedulo. Mavuto awiriwa amatha kubwera pamodzi pagalimoto yokalamba, koma ndi awiri osiyana, ndipo lililonse mwa iwo silifuna giyabokosi yatsopano.

Tsopano ntchito yeniyeniyo. Ubwino wa Hilux ndi wakuti zonse mumachita mutakhala pampando, simulowa kunsi kwa galimoto. Mufunika sikuludilaiva, masipanala 10 ndi 12, pulayazi, tochi, nsanza zoyera ndi girisi pang'ono. Yambani ndi kusesa m'galimotomo, makamaka mozungulira ndodo, chifukwa mukatsegula pamwamba pa giyabokosi mchenga uliwonse womwe uli pafupi umafuna kugweramo. Ikani miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala, ndipo giya ikhale pa nyutulo. Ichi n'chofunika: mukazula ndodo galimoto ili m'giya, poibwezera mudzavutika kupeza kamphako kaja.

Masulani chogwirira chapamwamba pochizunguliza kumanzere. Chotsani masikuluwu omwe agwira chikopa kapena chilabala chakunja, muchikwezere m'mwamba. Pansi pake mupeza chilabala china chaching'ono chomwe chavindikira khosi la giyabokosi. Chivuleni mosamala. Pa ma Hilux ambiri akale, chomwe muone tsopano ndi kachivindikiro kachitsulo kozungulira ndodo, kokankhidwa ndi sipuling'i kuchokera pansi. Kaphimbeni ndi nsanza kuti zala zisapweteke, kakanikizireni pansi mwamphamvu ndi zala ziwiri, n'kukazunguliza kumanzere pang'ono. Kakamasuka, ndodo yonse imazuka mukaikoka m'mwamba. Pa ma Hilux a zaka zina pamakhala mabawuti ogwira chivindikirocho, ndipo pa ma Nissan ambiri pamakhala kawaya kozungulira kotsekera m'kangalande, komwe kamafuna pulayazi yansonga zowonda. Musanachotse kanthu kalikonse, jambulani ndi foni. Chithunzicho chidzakuuzani kuti washala uyu anali pamwamba kapena pansi, ndiponso kuti kampando kanayang'ana kuti.

Mukaunika ndi tochi m'chibowomo mudzaona nokha chomwe chakhala chikukuvutitsani. Pomwe payenera kukhala kampando kathunthu kozungulira, mumapeza tizibenthu. Tina timakhala tofewa, tomata kuzala. Tina touma, tothetheka mukangotitsina, tosakanikirana ndi girisi wakale yemwe wasanduka wofiirira chifukwa cha fumbi la katondo. Mukatembenuza ndodo kuti muone kunsonga, kabushi kaja mwina kang'ambika mbali imodzi, mwina kulibiretu, changotsala chitsulo chosalala chonyezimira pomwe chakhala chikukhulana ndi chinzake. Galimoto zambiri zomwe eni ake amabwera nazo atauzidwa kuti giyabokosi yatha zimakhala zotere, ndipo zimandiwawa mtima chifukwa ena amakhala atagulitsa kale mbuzi kapena atatenga ngongole.

Tolani tizibenthuto ndi pulayazi kapena kawaya kopinda, modekha, osatikankhira pansi. Kabushi kakale kakakhala kuti kanatsalira m'kamphako, katulutseni, apo ayi katsopano sikalowa. Musasunthe chitsulo chosankha magiya pomwe ndodo ili kunja, ndipo mukafuna kuchokapo kwa kanthawi, tsekani bowolo ndi nsanza yoyera. Pukutani chibulunga ndi malo ake mpaka ziyere. Yang'ananinso timapini tiwiri tomwe tili m'mbali mwa khosi la giyabokosi, tomwe timalowa m'timingalande ta pachibulunga. Timeneti ndi tomwe timaletsa ndodo kuzungulira, ndipo tikadyeka kapena kukhwepa, ndodo imapotoka ngakhale mabushi ali atsopano. Ngati timapiniti tili bwino koma ndodo imapotokabe, gwirani kumunsi ndi dzanja limodzi, kumtunda ndi linalo, mupotoze. Ndodo zambiri ndi zitsulo ziwiri zolumikizidwa ndi labala m'kati mwa gawo lonenepa la ndodoyo, kuti kunjenjemera kwa injini kusafike kudzanja. Labalayo akamatuka, pamafunika ndodo ina, ndipo imeneyo mukhoza kugula yakale yochotsa pagalimoto ina popanda nkhawa.

Pobwezera, khazikani kampando katsopano monga momwe kakale kanakhalira, mukakanikize mpaka kafike pansi mbali zonse. Kabushi kakunsonga kakamalimba kulowa, kavikeni m'madzi otentha kwa mphindi zochepa kuti kafewe, osakamenya ndi hamala. Pakani girisi pang'ono pachibulunga ndi pakabushi. Pang'ono ndithu, chifukwa girisi wambiri amangoitana fumbi. Woyera uja wa lithium kapena wa silicone ndi amene amagwirizana ndi pulasitiki. Oyilo wakuda wochotsa mu injini asayandikire pamenepa, amafufumitsa labala n'kumuwoletsa. Tsitsani ndodo nsonga ilowe m'kamphako, timingalande tilunjike patimapini, kanikizani kachivindikiro n'kukazunguliza kumanja mpaka kakole. Musanabwezere zilabala, pondani kilatchi muyese magiya onse ndi livesi yomwe. Munthu wozolowera ntchitoyi samatha nayo ola lathunthu. Inu poti n'koyamba, ipatseni mmawa wonse, musaichite tsiku lomwe katundu akudikira.

Chilabala cham'kati chija musachipeputse. Chikakhala chong'ambika gulani china nthawi yomweyo, chifukwa fumbi ndi madzi zimalowera pamenepo. Kwathu kuno galimoto imakumana ndi zinthu ziwiri zomwe mabushi amadana nazo. M'chilimwe misewu yam'minda ya tiyi ndi yolowera kumidzi imakhala fumbi lokhalokha, ndipo fumbi la katondo likasakanikirana ndi girisi limapala pulasitiki tsiku ndi tsiku. Dzinja likafika ndi matope ndi zithaphwi, ndipo ngakhale mu June ndi July chiperoni chimanyowetsa chilichonse. Onjezani apo zitunda. Wochokera ku Thekerani kapena ku Makwasa kukwera kupita pa boma la Thyolo, n'kupitirira ku Bvumbwe mpaka ku Limbe ndi katundu kumbuyo, dzanja lake silipuma: 2, 3, kubwerera ku 2, pakhona 1. Paulendo umodzi woterewu ndodo imagwira ntchito yochuluka kuposa ya galimoto yoyenda mtunda womwewo pamsewu wowongoka wam'chigwa. Choncho mabushi kutha pagalimoto ya msinkhu wa yanuyo si chizindikiro chakuti munaisamala molakwika.

Chizolowezi chimodzi chokha ndi chomwe ndingakupempheni kuti musiye ngati muli nacho, chosanjika dzanja pandodo galimoto ikuyenda. Kulemera kwa dzanjako kumatsikira kunsonga n'kukakanikiza foloko yomwe imasuntha magiya m'kati, ndipo folokoyo imakhala ikukhulana ndi chitsulo chozungulira. Kabushi kakatha mumagula kena pamtengo wochepa. Foloko ikadyeka, giyabokosi imayenera kutsitsidwa ndi kuphwasulidwa.

Ngakhale ndanena kuti vutoli ndi laling'ono pokonza, musalizengereze. Panopa mukufuna 1 n'kulowa 3, galimoto imangozima kapena kunjenjemera, palibe choopsa. Tsiku lina mudzakhala pamtsetse, muli pa 5, mukufuna 4 kuti injini ikuthandizeni kugwira galimoto, ndodo n'kukalowa 2. Mukangotula kilatchi, matayala amakakamiza injini kuzungulira kupyola malire ake, ndipo mavavu akhoza kupindika kapena kilatchi kusweka. Pamsewu wonyowa, makamaka pobwerera kumbuyo kulibe katundu, matayala akumbuyo amatha kugwira mwadzidzidzi galimoto n'kutembenuka. Kwinanso ndi kuphonya giya: mwatuluka m'giya ina, inayo simukuipeza, galimoto yodzaza nthochi ikutsetsereka pa nyutulo, yangotsamira mabuleki okha. M'misewu yathuyi m'mbali mumakhala ana asukulu, anjinga za kabaza ndi amayi osenza mitolo. Pomwe mukudikira masipeya, sankhani giya yotsikira musanayambe mtsetse, galimoto ikadali pang'onopang'ono, ndipo musasinthenso mpaka mutafika pansi.

Pokagula, tengani nambala ya chasisi, yomwe ili m'buku la galimoto, chifukwa ma Hilux a zaka zosiyana ali ndi magiyabokosi osiyana ndipo timipando take sitilingana. Ngati n'kotheka tengani ndodo yeniyeniyo mukayesere pomwepo. M'mashopu a masipeya ku Limbe mukanene kuti mukufuna shift lever seat ndi shift lever bush, ndipo gulani tonse tiwiri ngakhale kamodzi kakuoneka kabwino, popeza tinayamba ntchito tsiku limodzi. Apa pokha musagule zakale zochotsa pagalimoto yophwasula. Pulasitiki yake ndi yokalamba ngati yanu yomwe, miyezi ingapo idzathethekanso. Mukapeza ta Toyota teniteni, ngakhale titakwera mtengo pang'ono, tengani timeneto. Mtengo wake sufika n'komwe pafupi ndi wa giyabokosi. Tikasowa, amisiri okhala ndi makina osema zitsulo akhoza kukusemerani kabushi ka nayiloni mutawapatsa ndodo kuti ayezerepo. Ena amasema kamkuwa, ndipo kamakhalitsa, kungoti ndodo imanjenjemera ndi kulira kwambiri m'dzanja.

Ndikudziwa kuti ambiri amakulunga chubu cha njinga kunsonga kapena kuvekapo kachidutswa ka paipi yamadzi. Pothawitsa galimoto kuchoka pathengo kufika kunyumba, palibe cholakwika. Koma chubu sichipirira oyilo, chimafewa n'kunyenyeka, ndipo pa Hilux zonyenyekazo zimagwera m'giyabokosi. Chomwe ndimakaniratu ndi kuwotcherera chitsulo kunsonga kwa ndodo kuti inenepe. Chitsulo chowotcherera chimadya kamphako kaja, ndipo pamenepo vuto lomwe linali lapulasitiki lasanduka lam'kati.

Ena omwe akuwerenga ali ndi Corolla, Probox, kapena minibasi ya HiAce yoyenda pakati pa Limbe, Mulanje ndi Muloza. Zizindikiro zake n'zofanana, koma kapangidwe n'kosiyana. Pagalimoto zimenezi giyabokosi ili patali ndi dzanja, ndiye ndodo imalumikizidwa nayo ndi makebulo awiri. Ina imanyamula kukankha kwa kutsogolo ndi kumbuyo, inayo kwa kumanja ndi kumanzere. N'chifukwa chake kugwederako kumakuuzani kebulo yoyenera kuyang'ana: ndodo ikamagwedera cham'mbali ndi ina, ikamagwedera chakutsogolo ndi inzake. Pamafunika anthu awiri. Wina akhale m'kati azigwedeza ndodo injini ili yozima, wina aziyang'ana pomwe makebulo afikira pagiyabokosi. Pa Corolla ndi Probox pamakhala pansi pa bokosi la sefa ya mpweya kapena pafupi ndi batire, ndipo pa HiAce pamaonekera kunsi. Kumapeto kwa kebulo iliyonse kuli kadiso kachitsulo kovala pakapini ka pakamkono ka giyabokosi, ndipo m'kadisomo muyenera kukhala bushi. Ikatha mudzaona kadiso kakuyenda uku ndi uku pomwe kamkono ka giyabokosi kangoima, kenako n'kukagunda mochedwa. Mumachotsa kapini kotsekera ndi washala, kuvula kebulo, kukanikizamo bushi yatsopano, basi.

Muyang'anenso tizitsulo topinda ngati chilembo cha U tomwe timagwira chikopa cha kebulo pabulaketi. Kamodzi kakagwa, kebulo yonse imayenda ndi chikopa chake chomwe, ndipo magiya ena amasoweratu. M'kati mwa galimoto, chimango chonse chomwe ndodo yakhalapo chimamangidwa pansi ndi mabawuti okhala ndi timalabala. Mukaona chimangocho chikusuntha pamodzi ndi ndodo, mangani mabawutiwo kapena sinthani timalabalato. Kebulo yomwe yayamba kuduka tingwe m'kati, kapena yomwe chikopa chake chapsa ndi ekizozi, imapangitsa ndodo kulimba ndi kukwekwereza, ndipo imeneyo sikonzedwa, imasinthidwa. Madalaivala a minibasi adziwenso ichi: kebulo ikavuka panjira ndodo n'kungoti lende, zimitsani injini, tchingani matayala, bwezerani kadiso pakapini n'kumanga ndi waya. Zikakanika, kamkono ka pagiyabokosi kamatheka kukankha ndi dzanja kulowetsa giya 2, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pagalaja. Anthu muwatsitse kaye akwere ina.

Galimoto zakale monga Citi Golf, Mazda 323 ndi Nissan Sunny zina zili ndi ndodo zachitsulo zodutsa kunsi m'malo mwa makebulo. Mabushi ake ali pomwe ndodozo zalumikizana, ndipo pafupi ndi giyabokosi pamakhala kapini komwe bowo lake limakula. Musanamasule cholumikizira chilichonse chosinthika, lembani chizindikiro ndi penti pomwe chinali, apo ayi magiya adzasokonekera. Ntchito imeneyi ndi yolowa kunsi, ndiye ekizozi iyambe yazizira, ndipo galimoto ikhale pa masitandi achitsulo kapena padzenje la galaja. Jeke yekha musamukhulupirire, njerwanso ayi, zimaphwanyika mosachenjeza.

Tibwerere ku Hilux yanu. Mukasintha mabushi, lizani injini, muyende pang'ono muli pa giya 2, muziponda moto ndi kuusiya motsatizana, maso ali pandodo. Kugwedezeka pang'ono n'kwachibadwa chifukwa ndodo yakhala pagiyabokosi penipeni. Koma ikamadumpha kwambiri, kapena pansi pakamamveka kugunda, mawunting'i, zotsamira zalabala zomwe injini ndi giyabokosi zakhalapo, atha. Labala wake amang'ambika kapena kufewa ndi oyilo wodontha, ndipo pamabampu giyabokosi imatha kusuntha mpaka ndodo kugunda m'mphepete mwa bowo la pansi n'kutulutsa giya. Anthu ambiri amanamizira giyabokosi pa vuto limeneli.

Nanga makaniko uja angakhale kuti akunena zoona pati? Ngati mabushi ndi atsopano, mawunting'i ali bwino, kilatchi ikulekanitsa bwino, koma giya imodzi yomweyomweyo ikukukutabe poilowetsa, ndiye kuti sinkulo ya giya imeneyo, kamkombero kamkuwa komwe kamalinganiza liwiro la magiya asanalumane, yadyeka. Ngati giya ikutuluka yokha mukasiya moto, mano olumanirana kapena foloko zatha, ngakhale nthawi zina imakhala sipuling'i yaing'ono yokankha kampira kogwira giya, yomwe pamagiyabokosi ena imasinthidwa osaphwasula zonse. Kulira kopitirira komwe kumasintha ndi liwiro kumaloza ku mabering'i. Ngakhale zitatero, giyabokosi ya Hilux imakonzeka. Makaniko wodziwa amaitsegula n'kusintha zomwe zatha. Yogula yakale simudziwa kuti inayenda mtunda wotani ndi kuti inasiyidwa chifukwa chiyani, ndipo ikhoza kubwera ndi mabushi akutha ngati anu omwe.

Poti mwatsegula kale, sinthaninso oyilo wa m'giyabokosi, makamaka ngati simukukumbuka tsiku lomwe anasinthidwa. Atulutsanso tizibenthu tomwe tinagwera m'kati. Yambani kumasula bawuti yothirira, yomwe ili m'mbali, musanamasule yokhetsera yapansi, kuopa kukhetsa oyilo yense kenako n'kupeza kuti yothirirayo yakana kumasuka. Oyilo wotulukayo muoneni bwino. Akakhala wotuwa ngati wasakanizidwa ndi mkaka, mwalowa madzi, zomwe zimachitika kawirikawiri kwa owoloka mitsinje yosefukira nthawi ya mvula. Pabawuti yokhetsera nthawi zambiri pamakhala maginito. Utuchi wosalala wachitsulo womatirira pamenepo si wodetsa nkhawa, koma mukapeza tizidutswa tomveka kuzala, kaonetseni makaniko. Thirani oyilo wa magiya wa 75W-90 kapena 80W-90, wa mtundu womwe buku la malangizo a galimotoyo likunena. Magiyabokosi ambiri okhala ndi masinkulo amkuwa amafuna GL-4. Galimoto ikhale pamalo olingana, ndipo muzithira mpaka oyilo ayambe kubwerera pabowo lothiriralo.

Ngati simukufuna kugwira nokha, palibe vuto, amakaniko odziwa ntchitoyi alipo pa Thyolo, ku Luchenza ndi ku Chitakale komwe. Mupite ndi mabushi anu m'manja, muwauze kuti azule ndodo inu muli pomwepo, ndipo akuonetseni zomwe atulutsamo. Mugwirizane mtengo wa ntchito yokhayo, yosintha kampando, kabushi ndi chilabala, osati yotsitsa giyabokosi. Ngati Hilux yanu ndi ya 4x4, ndodo yaifupi yolowetsera 4x4 ili ndi kampando kakenso komwe kamatha mofanana, ndiye auzeni aione tsiku lomwelo zivindikiro zikadali zotsegula.